Kompyuta Yosadziwa Poyambira

Lidali Lachitatu usiku, nthawi itapitirira 10 koloko, pamene kompyuta ya m'labu ya zamagetsi idandikaniranso. Seketi yanga ndidali nditaijambula bwinobwino pasikirini, waya aliyense pamalo pake, koma ndikangoiuza pulogalamu kuti iwerengere, inkangoti zii kwa kamphindi kenaka n'kutulutsa uthenga womwewomwewo wakuti yayesa njira zake zonse ndipo yalephera kupeza yankho. Vuto limeneli ife a zamagetsi timalitcha vuto la convergence. Anzanga onse adali atapita kokagona. Kudatsala masiku 9 kuti ndikaonetse ntchitoyi pamaso pa aphunzitsi, ndipo malikisi ake adali olemera ndithu pa zotsatira za chaka chonse.

Komabe si malikisi okha amene ankandisowetsa tulo. Kwathu kumudzi tili ndi sola imodzi padenga ndi batire la mavolti 12, ndipo ndi zimenezi amayi amatchajira mafoni a anthu apamudzi n'kupezako kangachepe kogulira sopo ndi mchere. Batire lathu loyamba lidafa lisanathe chaka. Tinkalikama usiku uliwonse mpaka babu kuchita kuzilala, osadziwa kuti batire la mtovu ndi asidi likamakhala lotheratu kawirikawiri, mbale za m'kati mwake zimamera zinthu zolimba zimene sizisungunukanso ngakhale ulitchaje chotani. Abambo adagulitsa mbuzi ziwiri kuti agule lina. Tsono pamene adatiuza kusukulu kuti aliyense asankhe yekha ntchito yoti apange, ine sindidavutike kuganiza. Ndidafuna kachipangizo kodula magetsi batire likatsika kufika pa 11.5, n'kuwalumikizanso likakwera kufika pafupifupi 12.5. Ndidachita kulonjeza palamya kuti ndidzabwera nako patchuthi.

Mwina wina angafunse chifukwa chake manambala ali awiri. Batire lotopa ukalichotsera katundu, mavolti ake amakwera pang'ono paokha, ngati munthu amene watula mtolo n'kuwongola msana. Ndiye chipangizo chikadakhala chodula ndi kulumikiza pa nambala imodzi, bwenzi chikudula, batire n'kupuma, icho n'kulumikizanso, batire n'kutsikanso, babu n'kumaphethira usiku wonse. Mpata wa pakati pa manambala awiriwo ndiwo umaletsa zimenezi. Nzeru yake ndi yakale. Otto Schmitt wa ku America adaipeza mu 1934 akadali wophunzira, pofufuza mmene uthenga umayendera m'mitsempha ya nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, ndipo mpaka lero seketi yamtunduwu imadziwika ndi dzina lake, Schmitt trigger. Muukumbukire mpata umenewu chifukwa mavuto anga onse adabisala m'menemo.

Masiku ano munthu asanawononge ndalama pogula zipangizo, amayamba waiyesa seketi yake pakompyuta. Mapulogalamu ambiri ochitira zimenezi ndi zidzukulu za pulogalamu imodzi yotchedwa SPICE, imene Laurence Nagel adalemba ku University of California, Berkeley, moyang'aniridwa ndi Donald Pederson, n'kuionetsa poyera mu 1973. SPICE2 idatsatira mu 1975. Pederson ankafuna kuti aliyense aziipeza mosavuta, n'chifukwa chake idafalikira dziko lonse n'kubereka ana monga LTspice ndi ngspice, amene wophunzira wopanda khobidi ngati ine angathe kuwapeza mwaulere. Malamulo ouza pulogalamuyi chochita amayamba ndi kadontho, chizolowezi chochokera m'masiku amene mzere uliwonse unkaboolidwa pa khadi lakelake.

Kuti mumvetse chimene chinkandikanika, ndiyenera kufotokoza mmene pulogalamuyi imaganizira. Mu seketi, malo amene miyendo ya zipangizo ikumana amatchedwa node. Ine m'nkhani ino ndiwatcha mfundo, monga mfundo za nzimbe. Chimene SPICE imayamba kufuna ndi mavolti a pa mfundo iliyonse pamene seketi yakhala phee, isanayambe kusintha ndi nthawi. Lamulo limene imatsata ndi la Gustav Kirchhoff, la mu 1845, lakuti magetsi onse olowa pa mfundo ayenera kufanana ndi otulukapo. Seketi ikakhala ya maresistor okhaokha, masamu ake ndi olunjika ndipo yankho limatuluka kamodzi n'kamodzi. Koma diode ndi transistor n'zamakani. Pamasamu a diode, ukawonjezera mamilivolti 60 okha, magetsi odutsa amachuluka pafupifupi kakhumi. Ukawonjezera volti yathunthu, amachuluka ndi nambala ya 1 yotsatana ndi maziro 16. Masamu otere alibe njira yachidule.

Choncho kompyuta imachita zonenerera, ngati pamsika. Wogulitsa atchula mtengo wake, wogula atchula wake, aliyense asuntha pang'ono mpaka akumana. Nayo imaponya manambala ongoganizira, n'kuona kuti lamulo la Kirchhoff laphonyedwa ndi zingati, n'kukonza, n'kuponyanso. Njirayi imadziwika ndi maina a Isaac Newton ndi Joseph Raphson, amene adasindikiza yake mu 1690. Manambala a ulendo uno akasiyana ndi a ulendo wathawu mosapitirira gawo limodzi mwa magawo 1000, pulogalamu imati malonda atheka. Imayesa mpaka maulendo 100. Zikakanika, ili ndi machenjera ena awiri: imamangirira mfundo iliyonse ku nthaka ya seketi ndi karesistor kongoyerekeza n'kumamasula pang'onopang'ono, kapena imatsitsa magwero onse a magetsi kufika pa ziro n'kumawakweza pang'onopang'ono. Izinso zikakanika, ndiye kumabwera uthenga uja umene ndinkauona usikuwo. Ndipo chimene sindinkachilabadira n'chakuti ngati sunaiuze kanthu, mfundo zonse imaziyambira pa ziro. Wogula akayambira pa mtengo wachipongwe, nthawi zina wogulitsa amangotembenuka.

Zimene ndidachita usikuwo n'zochititsa manyazi, koma ndizinena. Ndidalowa pa intaneti n'kuyamba kutola mizere imene anthu ena adalemba pothana ndi maseketi awo, n'kumaimata m'fayilo yanga osaimvetsa. Maulendo oyesa ndidawakweza kuchoka pa 100 kufika pa 500. Muyezo wa kugwirizana uja ndidaumasula, gawo limodzi mwa 1000 n'kukhala gawo limodzi mwa 100. Ndidasintha zinanso zimene lero sindingazikumbuke. Cha m'ma 1 koloko, pulogalamu idavomera. Pa mfundo yotulukira ya comparator, kachipangizo koyerekeza mavolti awiri n'kunena kuti wamkulu ndi uti, padalembedwa 5.5. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti comparator siikhala pakati. Imayenera kukhala pafupi ndi 0 kapena pafupi ndi 12, ayi kapena inde. Koma tulo tidali titandigwira, ndipo nambala iliyonse inkaoneka yabwino kuposa uthenga wokana. Ndidasunga fayilo n'kupita kukagona.

M'mawa mwake ndidaonetsa zotsatirazo kwa bambo wina wachikulire wosamalira zipangizo m'labumo, munthu wosalankhulalankhula amene ophunzira ambiri timamukumbukira pokhapokha tikafuna waya. Ndinkayembekezera kuti andiyamikira. Adayang'ana sikirini nthawi yaitali, kenaka adaloza ndi chala pa mwendo wolowera wa comparator.

"Achimwene, inuyo pamenepa mukuyembekezera mavolti angati?"

"Ndi zimenezo ndikufuna kompyuta indiuze, bambo."

"Ikakuuzani bodza mudzadziwa bwanji?"

Sadanenenso china. Adatulutsa pensulo m'thumba la malaya, adang'amba pepala m'buku lolembamo obwereka zipangizo, n'kuziika patsogolo panga. Kenaka adapita kukatsegula mawindo.

Ndidakwiya pang'ono, osabisa. Koma ndidakhala pansi n'kuyamba kuwerengera, ndipo masamu ake adali a Fomu 3. Mwendo umodzi wa comparator udali pa mavolti 2.5 osasuntha, ochokera ku kachipangizo kotchedwa TL431. Mwendo winawo unkalandira gawo la mavolti a batire kudzera m'maresistor awiri, wa 39k wochokera ku batire ndi wa 10k wopita ku nthaka. Panalinso wachitatu wa 470k, wochokera ku mfundo yotulukira kubwerera ku mwendo womwewo, ndipo ameneyu ndiye mwini mpata uja. Ndidawerengera podulira n'kupeza 11.5. Polumikizira padatuluka 12.46. Mpaka apa zonse zidali monga ndidafunira.

Kenaka ndidayang'ana nambala imene ndidapatsa batire m'pulogalamu. Idali 12.0, chifukwa batire la mavolti 12 munthu umangolemba 12 osaganiza kawiri. Koma 12.0 ili pakati penipeni pa mpata. Ndidayesa kuti comparator yanena inde: mwendo wolowera udatuluka 2.61, kuposa 2.5, kutanthauza kuti inde akhalabe inde. Ndidayesa kuti yanena ayi: udatuluka 2.41, kuchepera 2.5, ndipo ayi akhalabe ayi. Mayankho awiri, onse oona, pa batire limodzi lomwelo. Chimene chimasankha pakati pa awiriwa si nambala ya batire ayi, koma kumene batirelo likuchokera. Ngati lidali lodzaza ndipo likutsika, babu ayakabe. Ngati lidatheratu ndipo likukwera, babu akhalabe wozima. Zili ngati kupeza munthu ataima pamlatho pakati pa midzi iwiri. Sungadziwe kumene akulowera pokhapokha utadziwa kumene wachokera. Ine ndinkafunsa kompyuta za munthu wapamlathoyo, chonsecho iyo, pa funso loyamba lija la seketi yokhala phee, ilibe dzulo.

Nanga 5.5 uja? Ndidamufunafuna mpaka ndidamupeza. Ukakakamiza kuti mwendo wolowera ukhale pa 2.5 ndendende, resistor wa 39k amabweretsa magetsi ochepera pang'ono pa amene wa 10k amachotsa, ndipo otsalawo ayenera kubwera kudzera mwa wa 470k. Kuti zitero, mfundo yotulukira iyenera kukhala pa 5.5. Ndiye kudali yankho lachitatu, lokwaniritsa lamulo la Kirchhoff pa mfundo iliyonse, koma losatheka kukhalitsa m'seketi yeniyeni. Lili ngati dzira loimikidwa pansonga ya chulu. Papepala likhoza kuima, koma kamphepo kochepa kokha kaligwetsera uku kapena uko. M'mawaya enieni kamphepo kameneko kamakhalapo nthawi zonse. M'kompyuta mulibe. Pulogalamu sidandinamize ayi. Idandipatsa yankho lolondola la funso lopusa, ndipo ine ndidapita nalo kukagona.

Bambo aja atabwerera adaona pepala lodzaza manambala. Adangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Tsopano iuzeni poyambira."

Ndidafufuta mizere yonse yotola ija, miyezo n'kubwerera mwakale. M'malo mwake ndidalemba mzere umodzi wokha: .nodeset V(out)=12. Lamulo limeneli limauza pulogalamu kuti poyamba kunenerera kwake igwire mfundo yotchulidwayo pa nambala imene waipatsa, ipeze mavolti a mfundo zinazo, kenaka iitaye mfundoyo n'kupitiriza yokha mpaka ifike pa yankho lenileni. Ndidadina batani. Ndisanachotse n'chala chomwe, yankho lidatuluka: mfundo yotulukira pafupi ndi 12, mwendo wolowera 2.61, monga papepala. Ndidasintha 12 n'kulemba 0, ndipo padatuluka 2.41. Zimene zidandidyera usiku wonse zidatha m'masekondi awiri.

Pali lamulo lina lofanana nalo, la .ic, limene ophunzira ambiri timalisokoneza ndi loyambali. La .nodeset lili ngati kulozera mlendo njira. Ukamulozera molakwika pang'ono, iye akhoza kukonza yekha n'kukafika. La .ic ndi kumugwira dzanja. Mfundoyo imakhala yomangidwa pa nambala yako nthawi yonse imene pulogalamu ikufuna poimira, ndipo imamasulidwa pokhapokha wotchi ya kuyesa ikayamba kuyenda. Limathandiza pamene ukudziwadi kuti capacitor wakutiwakuti ayambira pa mavolti akutiakuti, kapena pamene seketi yoyenera kugwedezeka yokha yangoima pansonga ya chulu ndipo ikufunika kukankhidwa. Koma ukalemba nambala yosatheka, pulogalamu siikutsutsa. Imayambira pomwepo. Ine panthawiyo ndidaganiza kuti ndasankha lofatsa mwa awiriwo, choncho palibe chimene chingandilume.

Ndidabwezera 12 mu mzere uja n'kuusiya momwemo. Kwa masiku atatu ndidayesa zonse zimene ndidafuna: batire likutsika pang'onopang'ono, katundu wolemera akulumikizidwa mwadzidzidzi, kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ndidawonjezera capacitor wa mamaikirofaradi 10 pa mwendo wolowera kuti chipangizo chisamadule chifukwa cha kutsika kwa kanthawi kochepa. Magirafu adatuluka okongola, ndipo onse ankayamba babu ali woyaka. Ndidawamata mu lipoti monyadira.

Lolemba masana ndidalumikiza zipangizo zenizeni pa breadboard. Ndidaika gwero la magetsi la m'labu pa 12.0 n'kuyatsa. Babu sadayake. Ndidazula mawaya onse n'kuyambiranso. Ndidasintha comparator poganiza kuti yapsa. Ndidasintha MOSFET yoyatsira babu. Ndidafika pokayikira ngakhale mita yoyezera. Dzuwa likupendeka, ndidagunda mwangozi kachitsulo kokwezera mavolti, nambala n'kufika pa 12.6, ndipo babu adati ngwee. Ndidatsitsa kubwerera pa 12.0, babu n'kukhalabe woyaka. Ndidazimitsa gwero n'kuyatsanso pa 12.0 pomwepo: mdima.

Pamenepo m'pamene ndidazindikira. Seketi yeniyeni ikangolumikizidwa, capacitor uja amakhala wopanda kanthu, choncho mwendo wolowera umayambira pa ziro n'kumakwera. Comparator imayamba ndi ayi, ndipo mwendowo umakaima pa 2.41, osafika pa 2.5. Chipangizo changa chinkabadwa chili chozima nthawi zonse, pokhapokha batire litapitirira 12.46. Koma ine, ndi mzere wanga umodzi uja, ndidali nditauza kompyuta kuti munthu wapamlatho wachokera kumudzi wa odzaza, ndipo iyo idandikhulupirira m'magirafu onse. Pamene mayankho oona ali awiri, ngakhale kungolozera njira ndi kusankha. Mzere umene udandichotsa m'dzenje loyamba ndi womwewo udandibisira lachiwiri.

Ndidaganiza za abambo. Ndidawaona m'maganizo akulumikiza kachipangizoka madzulo, batire lili pa 12.1 pambuyo pa tsiku la mitambo, anthu atatu akudikira ndi mafoni m'manja, ndipo palibe chikuyaka. Sakadandiimbira lamya kufunsa za mpata wa Schmitt. Akadangokazula n'kulumikiza mawaya mwachindunji monga kale, n'kunena chamumtima kuti sukulu ya mwanayu ndi ya papepala.

Usiku umenewo ndidabwerera ku kompyuta. Ndidachotsa mzere uja n'kuuza pulogalamu kuti batire liyambire pa ziro n'kukwera kufika pa 12.0 m'kanthawi kochepa, monga zimachitikira munthu akalumikiza waya. Sidavutikenso kupeza poyambira, pakuti pa ziro yankho ndi limodzi lokha, ndipo girafu idaonetsa babu wozima, ndendende ngati pa breadboard. Kunena zoona, njira imeneyi ndikadayamba nayo Lachitatu lija bwenzi nditagona msanga. Koma bwenzi sindidalione pepala la bambo aja, ndipo 5.5 akadakhala chinsinsi mpaka lero.

Padatsala kusankha chochita ndi chipangizocho. Kubadwa chozima si koipa kwa batire, ndipo mnzanga wina adandilangiza kuti ndingolemba mu lipoti kuti ndidachita dala. Zikadamveka zanzeru, koma sizidali zoona, ndiponso sizikadathandiza amayi ndi makasitomala awo. Ndidawonjezera kabatani kamodzi ndi resistor, kuti munthu akadina, mwendo wolowera ukwezedwe kupitirira 2.5 ndipo babu ayake. Batire likakhala pamwamba pa 11.5, ayakabe ukachotsa chala. Likakhala pansi, azima pomwepo, ngakhale udine kangati. Magirafu akale ndidawachotsa mu lipoti, kupatula imodzi imene ndidaiika pambali pa yatsopano, n'kulemba pansi pake chimene chidasiyanitsa ziwirizo.

Lachisanu, mmodzi wa aphunzitsi adaima nthawi yaitali pa tsamba limenelo. Adandifunsa kuti pa batire la 12.0 seketi yanga ili ndi mayankho angati. Ndidati atatu, koma lachitatulo amalipeza ndi kompyuta yokha. Adalemba kanthu m'buku lawo n'kupita kwa wotsatira. Pensulo ija ndidakabweza tsiku lomwelo. Bambo aja adaiyang'ana, adaona kuti yafupika, n'kuibwezera m'thumba osanena kanthu.

Patchuthi ndidakakhomera kachipangizoko pakhoma, pamwamba pa batire, m'kabokosi kapulasitiki kamene kale munkakhala sopo. Ndidayesa kufotokozera abambo za manambala awiri aja koma adandidula pakati.

"Ungondiuza, ndizidina pati?"

Ndidawaonetsa. Adadina, babu n'kuyaka. Sabata yachiwiri kudachita mitambo masiku atatu otsatizana, ndipo tsiku lachitatulo magetsi adaduka okha nsima ili pamoto. Amayi adadina kabatani kanayi konse, babu n'kumangoyaka chala chikakhalapo. Adandiyang'ana, adayang'ana kabokosi, kenaka adatuma mlongo wanga kuti akatenge tochi.